Nanga agogowa adzawasambitsa ndani?

Anzanga a pa Facebook amene munazolowera zithunzi za chisanu ndi nsima ya ufa wa ku shopu ya amwenye, lero mundipirire. Ndilankhulako za ndale za kuno ku Britain, poti zalowa mpaka m'nyumba mwanga.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ija timangoti care. Ndinafika mu 2022, boma la Boris Johnson litangotsegula viza ya ntchitoyi mu February chaka chomwecho. Nthawi imeneyo ku England kokha kunali malo pafupifupi 165,000 a ntchito ya care osowa munthu. Sitinalowere pazenera ayi, anachita kutiitana. Ndipo pangano lake linali lomveka: gwira ntchito zaka 5, khoma msonkho, usapemphe chithandizo cha boma, ukamaliza pamenepo upemphe chilolezo chokhala mpaka kalekale, chomwe kuno timati ILR.

Lachiwiri lapitali cha m'ma 7 koloko m'mawa, kunja kukadali mdima, ndinatulutsa kiyi m'kabokosi ka pakhomo pa agogo ena a zaka 88. Amakhala okha, ana ali kutali. Nditawasambitsa ndinawakhazika pampando wawo, ine n'kugwada pansi kuwadzoza mafuta m'miyendo yotupa. Pa TV panali wandale wina akukalipa za anthu obwera. Agogo aja anagwedeza mutu nati, "Akunena zoona, abwera ambiri, dziko ladzaza." Kenako anayang'ana pansi n'kuona mutu wanga. "Sindikunena iwe ayi, mwanangu. Iwe ndiwe wabwino." Ndinangoseka. Ndikanayankha chiyani? Ndinali ndi mphindi 30 zokha, tiyi sindinawapangire, mankhwala sanamwe, ndipo nkhalamba ina inali ikundidikira mtunda wa makilomita 6.

Mawu a agogowa ndiye ndale zonse za kuno masiku ano. Aliyense akufuna obwera achepe, koma aliyense ali ndi wobwera wake amene sakumuwerengera.

Pa chisankho cha pa 4 July 2024 chipani cha Labour cha Keir Starmer chinapata mipando yoposa 400 mwa 650, koma mavoti ake anali pafupifupi 34 pa 100 alionse. Chipani cha Reform UK cha Nigel Farage chinavoteredwa ndi anthu oposa 4 miliyoni n'kupeza aphungu 5 okha, chifukwa kuno, monganso kwathu pa aphungu, wopambana m'dera amatenga zonse. Mu May 2025 Reform inalanda makhonsolo 10, n'kuwinanso mpando wa phungu wa ku Runcorn ndi mavoti 6 okha. Kuchokera pamenepo a Labour akhala akuyenda chocheuka. Pa 12 May, masiku ochepa chabe chichitikire zimenezo, Starmer, monga nduna yaikulu, anatulutsa ndondomeko yatsopano ya anthu obwera, n'kunena kuti Britain ikhoza kusanduka chilumba cha anthu osadziwana. Pambuyo pake anavomera yekha kuti mawuwo sanawasankhe bwino, koma ndondomekoyo sinabwerere. Pa 22 July khomo lolembera anthu a care kuchokera kunja linatsekedwa. Mu November nduna ya za m'dziko Shabana Mahmood inabwera ndi maganizo oti ILR izidikiridwa zaka 10, ndipo ife a ntchito za malipiro ochepa ngati care, zaka 15, ngakhale ife amene tili kale mkati. Farage ndiye akuti ILR ingothetsedwa basi.

Ndisakhale ngati munthu wongolira za m'mimba mwake. Pali zina zomwe akudandaula eni dziko n'zoona. Mu 2023 obwera anaposa otuluka ndi anthu opitirira 900,000 m'chaka chimodzi, m'dziko lomwe nyumba za lendi zikusowa ndipo kuonana ndi dokotala n'kodikira. Palibe dziko lomwe silingafunse mafunso. Komanso viza ya care ija inasanduka msika. Kunabuka timakampani topanda ngakhale nkhalamba imodzi yoisamalira, ntchito yake kugulitsa CoS, kalata ija bwana amapereka kuti upeze viza. Ndipo tisanamizane, ena ogulitsawo ndi abale athu omwe, timapemphera nawo Lamlungu. Mtsikana wina amene ndinakhalapo naye nyumba imodzi, makolo ake anagulitsa malo kwathu kuti alipire kalatayo. Atafika anapeza ofesi yake ndi chitseko chokhoma. Boma lenilenilo linanena kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda makampani a care malayisensi oposa 470 olembera anthu ochokera kunja, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Koma funsani: amene anapereka malayisensiwo osapita kukaona ngati kuli nkhalamba ndani? Si mtsikana uja.

Chimene chikundiwawa ine n'chakuti onsewa, a Labour, a Conservative (chipani cha Johnson) ndi a Reform, akulimbana pa nambala ya obwera, koma funso la amene adzasambitse agogo aja, ndi amene adzalipire, akulilambalala ngati dzenje la pamsewu.

Mwina kwathu simudziwa: chipatala cha boma, chomwe kuno timati NHS, n'chaulere, koma chisamaliro cha okalamba si chaulere. Ku England ukakhala ndi chuma choposa mapaundi 23,250 umadzilipirira wekha, ndipo ambiri amagulitsa nyumba kuti akakhale kosungira okalamba. Osowa amalipiridwa ndi khonsolo, makhonsolowo ali pa ngongole, ndiye amapatsa makampani a care ndalama yochepa, makampaniwo n'kutilipira ife malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo, omwe mu April 2025 anafika pa mapaundi 12.21 pa ola. Mnyamata wobadwira kuno akapita kukayala katundu m'masitolo akuluakulu amalandira zoposa pamenepo, osagwira thewera la munthu wamkulu, osayendetsa galimoto yake pa chisanu. Mungamunene ulesi? Ine sindingatero.

Vutoli silinayambe dzulo. Mu 2011 bungwe la Andrew Dilnot linalangiza kuti pakhale malire a ndalama zomwe munthu angalipire pa chisamaliro chake. Maboma anavomera, n'kumazengereza. Mu 2019 Johnson anaima pa Downing Street, pakhomo pa ofesi ya nduna yaikulu, kulonjeza kuti athana nalo kotheratu. Anakhazikitsa malire a mapaundi 86,000, tsiku loyamba linasunthidwa, ndipo mu July 2024 nduna ya zachuma Rachel Reeves inangofafaniza zonse, ati ndalama palibe. M'malo mwake anasankha Louise Casey kuti afufuzenso, lipoti lomaliza lidzatuluke mu 2028. Zaka 17 akungofufuza. Chikhalirecho tsiku lililonse okalamba zikwizikwi amene madokotala anawatulutsa kale akugonabe m'zipatala chifukwa kunyumba kulibe wowalandira, ndipo ambulansi zikufola panja kudikira bedi. (Ndalama ikafunika pa zina imapezeka. Pa mgwirizano uja wotumiza othawa kwawo ku Rwanda panapita mapaundi 700 miliyoni, opita anali anthu anayi, ndipo anapita mwa kufuna kwawo.)

Walira mvula walira matope. Ngati dziko lasankha kuti obwera asakhalenso a care, chabwino, ndi dziko lawo. Koma likweze malipiro, ndipo wandale aime pagulu kuuza anthu kuti msonkho ukwera. Ameneyo sindinamuonebe.

Ndipo za zaka 15 zija, amene sanakhalepo pa viza yotere sangazimvetse. Viza yanga ili m'manja mwa bwana. Akandichotsa ntchito, kapena layisensi yake ikalandidwa pa zolakwa zake, ndimapatsidwa masiku 60 kupeza bwana wina, apo ayi ndilongedze. Ndiye munthu akakusinthira rota (ndandanda wa ntchito) usiku, akakudula maola, akakana kulipira nthawi ya pamsewu, umangoti zikomo bwana. Tinkapirira powerenga zala kuti 2027 ili pafupi. Boma lomwe likuti likudana ndi kudyera masuku pamutu antchito a care likufuna kuwonjezera zaka 10 pa chingwe chomwecho. Amene anabwera kuyambira March 2024 saloledwa n'komwe kubwera ndi mkazi kapena ana. Muwerengere nokha kuti mwana wosiyidwa ali sitandade 1 adzakhala ali pati.

Chimodzi chomwe Amalawi ambiri kuno sadziwa: popeza Malawi ili mu Commonwealth, amene tili ndi viza yovomerezeka tili ndi ufulu wovota, ngakhale pa chisankho cha aphungu. Anzathu a ku Zambia chimodzimodzi. Kulembetsa kwake n'kwa pa intaneti, sikutenga ngakhale mphindi 10. Ine ndinalembetsa, ndipo sabata yatha ndinalembera kalata phungu wa dera lathu. Yankho silinabwere.

Agogo aja ndinawauza za zaka 15 ndikuwamangira mabatani a juzi. Anakhala chete pang'ono, kenako anandifunsa ngati mawa ndibwera ndine kapena atumiza wina, poti mtsikana wa Lachisanu uja tiyi amathira mkaka wambiri.