Magazi a ku Salima aziyezedwa ku Salima konkuno

Anzanga a m'malabu, pali chizolowezi chomwe sindigwirizana nacho: kutenga magazi kuno kunyanja m'mawa, kuwaika pa ayezi, n'kukayeza kuwala kwa ma neutrophil (mtundu wa maselo oyera a m'magazi olimbana ndi matenda) ku Lilongwe madzulo kapena mawa lake. Zikanakhala za PCR kapena ma antibody sindikanalankhula, chifukwa seramu (madzi a m'magazi opanda maselo) imasungika mufiriza miyezi. Koma neutrophil ndi selo lamoyo, ndipo likangochoka m'thupi limayamba kusintha pa maola ochepa.

Kwa amene simunagwirepo ntchitoyi, nkhani yake ndi iyi. Neutrophil ikakumana ndi kachilombo, enzaimu yake yotchedwa NADPH oxidase imapanga superoxide, iyo n'kusanduka hydrogen peroxide, kenako enzaimu ina, myeloperoxidase, imapanga hypochlorous acid, wachibale wa mankhwala a mu Jik. Pochitika zimenezi pamatuluka kuwala kochepa kwambiri, komwe Robert Allen ndi anzake anafotokoza mu 1972. Diso silingakuone. N'chifukwa chake timathira mankhwala otchedwa luminol, omwe amatulutsa kuwala kwa buluu cha pa 425 nm, makina oyezera kuwala otchedwa luminometer n'kumawerenga mu RLU, muyezo wa kuchuluka kwa kuwalako.

Magazi atengedwe mu chubu cha heparin, osati cha EDTA, ngakhale onsewa ndi mankhwala oletsa magazi kuundana. EDTA imamanga calcium, pomwe selo limafuna calcium kuti lidzuke. Maselo mukawalekanitsa, aikeni mu HBSS (madzi a mchere osungiramo maselo) yokhala ndi calcium ndi magnesium koma yopanda phenol red, chifukwa utoto wofiirawo umameza kuwala. Onani ndi trypan blue, utoto wolowa m'maselo akufa okha: amoyo akhale 95 pa 100 kapena kuposa. M'kabowo kalikonse ka mbale ya mabowo 96 muike maselo pafupifupi 100,000, ndipo mbaleyo ikhale yoyera, osati yoonekera mkati, apo ayi kuwala kumadumphira m'kabowo koyandikana nako. Luminol asungunulidwe mu mankhwala amadzi otchedwa DMSO, asungidwe mu mdima. Zonse zifunde kufika madigiri 37 musanathire chodzutsa maselo.

Chodzutsacho chimasinthanso kawerengedwe. Ndi chodzutsa chotchedwa fMLP kuwala kumakwera n'kutsika pa mphindi ziwiri kapena zitatu zoyambirira, moti mukathira pa tebulo n'kunyamula mbale kupita ku makina, mwaphonya kale. Ndi zodzutsa zina, PMA ndi zymosan, kuwala kumakwera pang'onopang'ono, werengani kwa ola lathunthu.

Tsono tibwerere ku msewu. Salima ndi Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, wa ku Nkhotakota awonjezerepo ena oposa 100. M'galimoto magazi amagwedezeka. Mu Okutobala kuno kumatentha kupitirira madigiri 35, ndiye munthu amathamangira ayezi poganiza kuti akuteteza. Ayi ndithu. Neutrophil yozizidwa n'kufunditsidwanso imadzuka yokha, imachulutsa pakhungu pake CR3, puloteni yogwirira tizilombo. Pofika ku labu maselo ena atopa, ena ayamba kale kuwala musanawathire kanthu. Nambala ituluka, girafu yokongola ituluka, koma mwayeza ulendo, simunayeze chitetezo cha wodwala. Kuwaumitsa mufiriza nakonso sikuthandiza, ma neutrophil ambiri sapulumuka.

Chimene chimandiwawa n'choti odwala athu kuno ndi amene kafukufukuyu amawafuna kwambiri. Malungo ali pakhomo chaka chonse, ndipo amabwera ndi misampha yakeyake. Hemoglobin (Hb), yomwe imafiiritsa magazi, imameza kuwala. Mukayeza ndi magazi athunthu osalekanitsa, mwana amene magazi amuchepera angaoneke ngati maselo ake ndi amphamvu kuposa a mnzake, pomwe kungoti zotchinga kuwala zachepa. Hemozoin, utoto wakuda uja womwe tizirombo ta malungo timasiya ndipo maselo oyera amameza, nawonso umatchinga kuwala. Choncho lembani Hb ndi chiwerengero cha ma neutrophil cha munthu aliyense, muwerengetse RLU pa selo, osati pa dontho la magazi.

Maganizo anga ndi akuti amene akulemba bajeti ya kafukufuku wotere aikemo luminometer yokhala pa boma pompano, centrifuge (makina olekanitsira maselo a m'magazi), ndi batire kapena sola yoti madigiri 37 asatsike magetsi akazima pakati pa kuwerenga. Makinawa si aakulu, amakwana pa tebulo. Aphunzitsidwenso anyamata ndi atsikana athu a m'labu, osangowatuma kutenga magazi ndi kulemba manambala pa machubu.

Ngati kunyamula sikungapeweke, magazi ayende osazizidwa, pa madigiri 20 mpaka 25, m'bokosi losalowa dzuwa, machubu ali chilili. Ayezedwe asanathe maola 4, ndipo nthawi yotengera ilembedwe pa chubu. M'bokosi lomwelo muikemo chubu cha munthu wabwinobwino chotengedwa nthawi yomweyo. Chubu chimenecho chikawala chisanathiridwe PMA, kapena chikakana kuwala chitathiridwa, zotsatira za tsiku limenelo zisalowe mu lipoti.