Nyali ya batire ikayaka, musathamangire kugula batire

Madalaivala ambiri amawononga ndalama chifukwa cha kanyali kofiira kokhala ndi chithunzi cha batire pa dashibodi. Kakayaka galimoto ikuyenda, munthu amagamula kuti batire latha, amagula latsopano, ndipo pakangotha masiku awiri galimoto imakananso kulira. Maganizo anga ndi akuti chithunzicho chimasocheretsa anthu, chifukwa uthenga wa kanyaliko ndi wakuti batire silikulandira moto mokwanira kuchokera ku alternator, chipangizo chimene chimapanga moto wotchajira batire injini ikamalira, ndipo kawirikawiri batirelo limakhala lilibe mlandu.

Kuyeza batire ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, sikutenga mphindi zisanu. Injini ili yozima, batire lodzaza bwino limaonetsa mavolti 12.6, ndipo likatsika kufika pa 12.0 ndiye kuti moto watsala pang'ono. Mukaliza injini, nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.7. Ikakhalabe pa 12 n'kumatsika mukayatsa nyali zakutsogolo ndi fani, alternator sikutchaja, ndipo galimoto ikungodya moto umene unali m'batire mpaka idzazimire panjira. Nambalayo ikapitirira 15, vuto ndi regulator, kachipangizo koletsa mavolti kupitirira muyezo, ndipo zizindikiro zake ndi batire lotentha, fungo ngati la mazira owola ndiponso mababu omwe akupsa pafupipafupi. Eni magalimoto amakono adziwe kuti ena mwa magalimotowa amatsitsa ndi kukweza mavolti mwadala motsogozedwa ndi kompyuta, choncho kuyeza kamodzi sikokwanira.

Ngakhale zitaoneka kuti moto sukufika, ndimakana kuti alternator ichotsedwe musanaone zinthu zing'onozing'ono. Kanyali ka galimoto yanga kanayamba kuphethira nthawi ina, ndipo makaniko amene ndinamupeza anandiuza kuti ndigule alternator ina asanagwire n'komwe waya. Nditatsegula boneti ndekha, ndinapeza kuti mutu wina wa batire wakutidwa ndi ufa wobiriwira, ndipo temino yake inkazungulira ndikaigwedeza ndi zala ziwiri. Nditapala ufawo ndi burashi ya waya n'kumanga bwino nati, multimeter inaonetsa 14.2 ndipo kanyali sikanayakenso. Waya wa earth wolumikiza injini ku bodi, fyuzi yaikulu ya alternator ndi pulagi yake nazonso zimachita zomwezo. Lamba woyendetsa alternator akakhwepa amalira mokwiyitsa m'mawa kapena mvula ikagwa, koma akaduka nkhani yake imakhala yaikulu, chifukwa m'magalimoto ambiri lamba yemweyo amazunguzanso pampu ya madzi. Kanyali kakayaka, chiwongolero n'kulimba mwadzidzidzi, muvi wa kutentha n'kuyamba kukwera, imani pomwepo ndipo zimitsani injini.

Chizolowezi chimene ndimatsutsana nacho kotheratu ndi chochotsa temino ya batire injini ikulira, ati pofuna kuona ngati galimoto izima. Batire limameza moto umene umalumpha mwadzidzidzi kuchokera ku alternator, ndipo mukalichotsa, motowo umathamangira ku kompyuta ya galimoto ndi ku ma diode (tizipangizo tolola moto kuyenda mbali imodzi yokha) a alternator imene mukuiyesayo. Munthu angathe kuwotcha chipangizo chodula kwambiri pofufuza yankho limene multimeter ikanamupatsa popanda ngozi. Ndiponso galimoto ikapitiriza kulira sizitanthauza kuti zonse zili bwino, popeza alternator yokhala ndi diode imodzi yakufa imatha kuliza injini pamene ikutchaja mosakwanira. Diode yotere imadziwika mukaika multimeter pa AC (poyezera moto wosinthasintha mbali) injini ikulira, ndipo nambala yoposa mavolti 0.5 ndi yokayikitsa.

Mawa musanalize galimoto, tembenuzani kiyi osaliza injini ndipo muyang'ane kanyaliko. Kayenera kuyaka, kenako n'kuzima injini ikalira. Ngati sikakuyaka konse, babu lake lingakhale litapsa, ndipo m'magalimoto ambiri akale moto umene umadzutsa alternator umadutsa m'babu lomwelo, choncho babulo likapsa alternator ingathe kusatchaja.