Mwana wofuna aerospace: musathamangire kugulitsa munda

Makolo amene muli ndi mwana wolota zopanga ndege ndi maroketi, ndikupempha tikambirane. Nanunso achinyamata amene masamu ndi sayansi mwakhoza bwino pa MSCE ndipo mtima wanu uli pa aerospace engineering, tcherani khutu. Ine ndikuona kuti kulipira digiri yoyamba ya aerospace ku America kapena ku Britain ndi ndalama za m'thumba mwa banja ndi kulakwitsa kwa ambiri a ife. Lotolo ndi labwino ndipo ndikufuna likwaniritsidwe, koma khomo lina lolowera lilipo.

Ku Embry-Riddle ya ku Daytona Beach ku America, sukulu imene ana ambiri amayamba kuiona akafufuza pa intaneti, fizi yokha imaposa madola 40,000 pa chaka. Apo sitinawerengere pogona, chakudya, inshuwalansi ya chipatala ndi tikiti ya ndege. Imperial College ya ku London imalipiritsa mlendo mapaundi oposa 40,000 pa chaka. Konseku maphunziro ndi a zaka 4. Tsono ife timalandira kwacha, imene inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Banja limene linawerengera fizi mwana akunyamuka linadzuka tsiku lina n'kupeza kuti madola omwewo akufuna makwacha ochuluka kwambiri, malipiro ali pomwepo. Ena amati mwana akafika azikagwira maganyu. Viza ya ophunzira ku America imalola maola 20 okha pa sabata nthawi ya teremu, komanso pasukulu pomwepo. Imeneyo ndi ndalama ya sopo ndi ndiwo, fizi singaikwanitse.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri n'china, ndipo timabuku tokongola ta masukuluwa sitichitchula mokweza. Ku America kuli malamulo otchedwa ITAR, amene amateteza luso la zida za nkhondo ndi la maroketi kuti lisafike m'manja mwa anthu akunja. Chifukwa cha malamulowa, ntchito zambiri ku makampani monga SpaceX, Lockheed Martin ndi mbali ya asilikali ya Boeing zimafuna nzika ya America kapena munthu wa green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Tsegulani nokha zotsatsa ntchito za SpaceX, mupeza zalembedwa pansi pake. Ndiye taganizani: mwana wakhoza bwino kuposa anzake m'kalasi, banja lagulitsa munda ndi ng'ombe, koma anzakewo akupita ku ma internship a maroketi iye akuuzidwa kuti pasipoti yake siyikuloledwa. Akabwerera kumudzi, kuno kulibe fakitale yopanga ndege. Digiri imene yadya chuma chonse cha banja ili ndi dzina lopapatiza, ndipo olemba ntchito ku fakitale ya shuga kapena ya simenti akufuna mechanical.

N'chifukwa chake ndimati yambani ndi mechanical engineering kapena electrical. Zaka zoyambirira za aerospace ndi mechanical n'zofanana kwambiri: masamu, thermodynamics, kayendedwe ka mpweya ndi madzi, kulimba kwa zitsulo. M'makampani opanga ndege mwadzaza mainjiniya amene digiri yawo yoyamba inali mechanical. MUBAS, imene tinkaitcha Poly, imaphunzitsa zimenezi ku Blantyre konkuno pa mtengo umene banja lingapirire.

Ngati mwana wakakamira kuti pa setifiketi palembedwe za ndege basi, yang'anani yunivesite ya Wits ku Johannesburg, kumene kuli digiri ya aeronautical engineering. Malawi ili mu SADC, ndipo pansi pa pangano la maphunziro la 1997 ophunzira a m'chigawo chino amalipira fizi ngati eni dziko, n'kuwonjezerapo ndalama ina ya alendo. Madigiri ovomerezedwa ndi bungwe la mainjiniya la ku South Africa la ECSA amazindikirika ku Britain, America, Australia ndi kwina kudzera mu pangano la Washington Accord. Dziwani kokha kuti MSCE payokha siikwanira kulowera kumeneko, funsani msanga za A-level.

Aerospace yeniyeniyo mukaitengere pa masters, pamene ndalama za ena zimapezeka. Yunivesite ya Cranfield ya ku Britain ili ndi bwalo lake la ndege ndipo imadziwika ndi maphunziro a masters ndi PhD. Sikolashipu ya boma la Britain ya Chevening imalipira masters ya chaka chimodzi kwa munthu amene wagwirapo ntchito zaka 2. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, taonani kuchepa kwa opikisana nawo poyerekeza ndi dziko lonse lapansi. Sikolashipu ya Commonwealth nayo ilipo. Chaka chimodzi cholipiridwa ndi ena, muli kale ndi digiri yokudyetsani, n'chosiyana kutalitali ndi zaka 4 za ngongole.

Mwana akapeza sikolashipu yolipira zonse pa digiri yoyamba, apite, ndimuombera m'manja. Koma muwerenge kalatayo bwinobwino. Sikolashipu ya theka la fizi ya Embry-Riddle ikutanthauza kuti theka linalo, pamodzi ndi pogona, lili pamutu panu chaka ndi chaka.

Ndipo pamene akudikira, asakhale manja lende. Ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserera ma drone mu 2017, ndipo mu 2020 UNICEF, yunivesite ya Virginia Tech ya ku America ndi MUST anayambitsa African Drone and Data Academy kuno kwathu, kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa ma drone. Mwana wa mechanical amene wamangapo phiko ndi manja ake n'kuliona likuuluka ali ndi nkhani yolemba pa fomu ya Chevening kapena ya Cranfield. Alembetse ku sukulu ya ma drone ija akangoona kuti atsegula malo.