Chinalephera ndi lamba, osati achemwali anga

Ndakhala chete kuyambira Loweruka, koma lero ndiyankhula, chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi masiku anayi ndipo tulo sindikutiona.

Tinali ku Turffontein, kuno ku Joni, pa chinkhoswe cha mwana wa kumpingo kwathu. Itakwana nthawi ya chakudya, achemwali anga anatenga kambale kakang'ono, kanyama ka nkhuku ndi timasamba, n'kukhala pambali kumadya pang'onopang'ono monga anawalangizira adokotala. Mayi ena aakulu ndithu, amene tonse timawagwadira powapatsa moni, anaimirira pakati pa anthu n'kunena mokweza kuti, "Kodi si inu munaikitsa lamba m'mimba? Lambayo wakukanikani ndiye mwakadulitsa chifu? Anthu ena ulesi, m'malo mongotseka pakamwa." Anthu anaseka. Achemwali anaika mbale pansi, anakakhala m'galimoto mpaka mwambo wonse unatha.

Amayi, ndikudziwa kuti muwerenga zimenezi chifukwa tili limodzi pa Facebook pano. Dzina lanu sinditchula, makolo anga anandilera. Koma mumve bwino: chinalephera ndi lamba. Achemwali anga sanalephere.

Lamba amene mumamutchulayo mukumudziwa? Kuchipatala amati gastric band. Ndi kamkombero ka silicone kamene amamanga kumtunda kwa chifu kuti chakudya chizitsika pang'onopang'ono, ndipo pansi pa khungu la pamimba amakwirira kachipangizo kamene adokotala amabayapo jakisoni wa madzi amchere akafuna kumangitsa kapena kumasula. Ndi chinthu chopangidwa ndi manja a anthu. Chimasuntha pamalo pake. Chimatha kudya khoma la chifu mpaka kulowa m'kati. Kapaipi kake kamatha kudontha. Ku America anachivomereza mu 2001, anthu anachithamangira m'mayiko ambiri, koma lero madokotala ochuluka a ntchito imeneyi anasiya kuchiika, akungochotsa mwa anthu amene chikuwazunza. Ndiye madokotala eni ake atachitaya, inu mukuti wolakwa ndi wodwala?

Achemwali anaikidwa lamba mu 2014, mawondo atayamba kukana, BP ndi shuga zitakwera. Zaka zoyamba zinayenda bwino. Kenako lamba uja anasuntha. Ine ndinkakhala nawo nyumba imodzi ku Rosettenville, ndiye zomwe ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa. Chilungulira usiku uliwonse. Kugona chokhala, atatsamira mapilo atatu, apo ayi zowawasa zibwerera kukhosi mpaka kutsamwa nazo. Mbamu imodzi ya nsima inkaima pachifuwa ngati mwala. Nyama ndiye osayerekeza. Ndinkadzuka pakati pa usiku ndikumva munthu akusanza kubafa, m'mawa n'kumuona akuvala, akupita kukakwera taxi ya kuntchito ngati palibe chachitika. Ndipo imvani apa, inu amene mumati anali wosusuka: zimene zinkatha kudutsa pa lamba wosunthayo zinali zofewa ndi zamadzimadzi zokha, phala lothira shuga, yogati, ayisikilimu, Fanta. Zakudya zenizeni zinkabwerera. Munthu wanjala amadya chimene chikutsika. N'chifukwa chake thupi linabwereranso, munthu akusanza tsiku ndi tsiku. Mukuti ameneyo ndi ulesi?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu m'mimba simunamve, amayi, ndiye musamatiuze nthawi yotsekulira.

Ndipo zoti gastric bypass, opaleshoni yodula chifu imene munkainyoza ija, ndi njira yachidule munazitenga kuti? Achemwali analowa m'chipinda cha opaleshoni kawiri. Koyamba kukachotsa lamba, kenako kudikira miyezi kuti chifu chipole, chifukwa pomwe panali lamba pamatsala zipsera ndipo kusoka pa zipsera n'koopsa kuposa kusoka pa chifu chimene sichinakhudzidwepo. Adokotala anawauza zonsezi osabisa, iwo n'kusaina pepala manja akunjenjemera. Masabata awiri opaleshoni yachiwiri isanachitike ankangomwa zamadzimadzi kuti chiwindi chichepe. Tsiku litafika, anadula chifu n'kusiya kathumba kakang'ono ngati dzira la nkhuku, anadulanso matumbo aang'ono n'kuwalumikiza ku kathumbako kuti chakudya chizilambalala chifu chotsalacho. Atatuluka, masabata angapo a msuzi ndi zopota ngati khanda losiya bere. Ine ndi amene ndinkapota.

Sizinathere pomwepo, ndipo sizidzatha. Mavitamini moyo wawo wonse: B12, iron, calcium. Kukayezetsa magazi nthawi ndi nthawi. Akadya chotsekemera mopitirira pang'ono, thukuta, mtima kugunda, chizungulire, m'mimba kutsekuka. Mutu ukawawa sangamwe Grand-Pa kapena Brufen monga timachitira tonsefe kuno, chifukwa mankhwala amtundu umenewo amayambitsa zilonda pa kathumba kaja. Madzi samwera pamodzi ndi chakudya, amadikira kaye theka la ola. Pa chinkhoswe pamene inu munkadzaza mbale kawiri, iwo ankatafuna kanyama kamodzi mpaka kusalala. Ndalama zake anasonkha zaka, kudzimana ulendo wa kumudzi pa Khirisimasi kawiri konse. Munthu waulesi sachita zimenezi. Munthu wolephera sabwerera pansi pa mpeni kachiwiri atapsa koyamba. Amene amachita zimenezi ndi munthu wofuna kuona ana ake akukula.

Zoti kunenepa kumayendera kumtundu, mahomoni ndi zina zotero, sinditayirapo nthawi, mukafunse adokotala. Mayi athu anamwalira ndi shuga atadulidwa mwendo, ndipo achemwali ndi amene ankawasambitsa. Basi.

Chikundipweteka kwambiri ndi kuseka kuja. Anthu amene timapemphera nawo limodzi, amene tikamwalira kuno ku Joni ndi omwe adzasonkhe ndalama zotumizira mtembo wathu kumudzi, anaseka. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati, "Amayi, apa mwalakwitsa." Inenso ndinangokhala kukamwa yasa, ndipo zikundidya mumtima mpaka lero. N'chifukwa chake ndikulemba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamba analephera, amayi. Lamba! Chinthu cha silicone chimene chinasuntha pamalo pake. Munthu uja anapirira zaka, anayesa zonse, ndipo ataona kuti chipangizo chikumupha anapita kukachichotsa. Mumafuna afe nacho m'mimba kuti inu mukhutire?

Komanso inu akumudzi ndili nanu. Achemwali ali onenepa munkati Joni wawayanja, akudya bwino, atitumizireko kangachepe. Palibe anafunsa za mawondo awo kapena za BP. Mwezi watha anaika chithunzi pa WhatsApp atavala chitenje chatsopano, akusekerera, thupi litatsika, shuga ali m'malo mwake. Pasanathe ola, foni yanga inayamba kulira kuchokera ku Ndirande. "Kodi achemwali ako ali bwinobwino? Aonda bwanji chonchi? Kapena ndi matenda aja, usatibisire." Ndipo akanakhala kuti akumwadi ma ARV, chikanakukhudzani n'chiyani? Akanenepa mukuyankhula, akaonda mukuyankhula, akadya pang'ono mukuti akunyoza chakudya chanu. Wina wandiimbiranso m'mawa uno ndi funso lomwelo, ndamudulira foni.