Pa Khirisimasi anzathu a ku Zambia sabisa ndiwo zamasamba, ife timazithamangitsa

Munthu akadutsa pa Mwami kuchoka ku Mchinji kulowera ku Chipata, zimene zimasintha ndi chidindo cha mu pasipoti ndi mtundu wa kwacha basi. Mvula ndi yomweyo, mtedza ndi womwewo, ndipo chiyankhulo sichifuna womasulira. N'chifukwa chake zimandiwawa kuti pa kadyedwe ka nyengo ya zikondwerero anzathuwa atisiya pa chinthu chimene sichilira ndalama n'komwe, chomwe ndi kusachotsa ndiwo zamasamba patebulo chifukwa choti lero ndi Khirisimasi.

Chaka chathachi ndidadyera Khirisimasi kwa apongozi ake a mchimwene wanga ku Chipata. Mpunga udalipo ndipo nkhuku yachikuda idaphedwa monga mwa nthawi zonse, koma pakati penipeni pa tebulo padakhala ifisashi ya chibwabwa (mnkhwani wotendera), yotenderedwa mpaka kuchita phalaphala, kenaka impwa, bowa, nyemba ndi chikanda chodulidwa timagawo. Chakumwa chidali munkoyo wa m'chigubu, ndipo mabotolo a zoziziritsa kukhosi adatuluka ochepa, pamapeto. Nditatambasulira dzanja ku nkhuku, mayi a pakhomopo adandikankhira mbale ya masamba n'kunena kuti, "Bambo, yambani ndi izi, nkhukuyo idafa kale, sithawa." Pamene ndimafika pa nyamayo n'kuti m'mimba mutatsala malo a nthuli ziwiri zokha, ndipo ndidadzuka pampando wopanda kuja kulemedwa kumene timakuyesa umboni wa chikondwerero.

Patangopita sabata, pa chaka chatsopano, ndidali pa phwando la pachibale kwathu kuno m'tauni. Kudali mpunga wokazingira, tchipisi, nkhuku yomizidwa m'mafuta, soseji, nyama yootcha, ndi kabichi wochepa amene adamira mu mayonezi moti sakadawerengedwanso ngati masamba. Makireti a zakumwa adali mulu pakhonde, ana akudzitsekulira okha kuyambira m'mawa. Nditafunsa ngati kuli kankhwani kukhitchini, mlamu wanga adandiyang'ana ngati ndamunyoza pagulu: "Alamu, pachaka pano tidye masamba? Anthu atiyesa kuti tashota." Vuto lathu lonse lili m'mawu amenewo, poti kwa ife masamba ndi chizindikiro choti ndalama yatha, ndipo mlendo wolemekezeka sayenera kuwaona.

Ndikukhulupirira kuti kusiyanaku kudachokera ku miyambo ya ukwati. Ku Zambia kuli chilanga mulilo ndi matebeto, miyambo ya Abemba imene idafalikira ku mitundu ina, pamene akuchikazi amasenza mbale zambirimbiri kupita nazo kwa mkamwini ndi ng'oma ndi nthungululu, ndipo mbale iliyonse imavundukulidwa pamaso pa anthu n'kufotokozedwa. M'mbalezo mumakhala katapa (chigwada), kalembula (kholowa), chibwabwa, nsomba youma, mbozi, nyemba ndi zina zotere. Mtsikana amene wakula akuona zimenezi amadziwa kuti kutendera bwino ndi luso lodzitama nalo pamaso pa alendo, ndipo ku Lusaka anthu a mataye amakafola masana m'malo odyera a matebeto popanda wowaseka. Kwathu kuno pa chinkhoswe ndi pa ukwati chakudya chaulemu ndi mpunga, nkhuku ndi tchipisi, ndipo mnkhwani umadikira kuti alendo apite kaye.

Chopweteka kwambiri n'chakuti timachita zimenezi m'mwezi umene nthaka yangoyamba kutipatsa zaulere. Mvula ikagwa bwino, Disembala amadza ndi bonongwe, chisoso, luni ndi mnkhwani wanthete, bowa amatuluka m'nkhalango, ngumbi zimauluka, ndipo mango amachita kuwolera pansi. Alangizi a zaumoyo akhala akutiimbira ku sikelo za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, koma mbale yathu ya Khirisimasi imakhala ndi atatu okha: zokhutitsa, zanyama ndi zamafuta. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku, mchere usapitirire magalamu 5, ndipo shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene thupi limalandira, omwe ndi magalamu pafupifupi 50. Chitini chimodzi cha kola cha 330 ml chimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, kutanthauza kuti mwana amene watsekula chachiwiri nthawi isanakwane teni koloko wadutsa kale mlingo wa bambo ake.

Apa ndiyenera kuvomera zinthu ziwiri. Choyamba, sindikunena za banja la kumudzi limene nkhokwe yake yayamba kuoneka pansi mu Disembala, ndipo lakhala likudyera masamba chaka chonse. Kwa iwo mpunga, nkhuku ndi botolo limodzi ndi za tsiku limodzi, ndipo thupi la mwana likuzifunadi. Wowadzudzula amenewa ndi wopanda chisoni. Ndikunena za ife a m'tauni amene timadya nyama sabata iliyonse, koma tidatenga phwando la tsiku limodzi la makolo athu n'kulikoka kuyambira pamene maofesi atsekera mpaka sukulu zitatsegulidwa.

Chachiwiri, Zambia si dziko la angelo. Amene adakhalapo ku Lusaka kapena ku Kitwe mu Disembala amadziwa utsi wa braai, ma T-bone odzaza mbale, mowa wotsanulidwa ngati madzi, ndi mizere ya nkhuku yokazinga m'mamolo, imene imaposa yathu kutalitali. Ufa wawo wa breakfast ndi wopunthidwa ngati woyera wathu, ndipo roller meal amaupeputsa monga momwe ife timapeputsira mgaiwa. Maheu a m'mabotolo amene amagulira ana amakhala othira shuga. Boma lawo lidaika msonkho pa zakumwa zosaledzeretsa mu 2019, koma ngwee 30 pa lita zimene lidaika panthawiyo sizikadaletsa munthu aliyense kugula kireti. Mbali zonse ziwiri tilinso ndi podzikhululukira pamodzi, poti shuga wa ku Mazabuka adayamba kuthiridwa vitamini A mu 1998 ndipo wa ku Nchalo ndi Dwangwa adatsatira mu 2012, ndiye pali ena amene amathira masupuni anayi mu tiyi n'kumati akumwa vitamini. Komabe ngakhale m'nyumba zimene nyama yachuluka chotero, mbale ya masamba otendera imakhalapo ndipo anthu amaitha. Kusiyana kwake n'komweko.

Za anansi enawo ndilibe zambiri zonena. Ku Mozambique, kumene pa 25 Disembala amati ndi tsiku la banja, matapa a masamba a chinangwa ophikira mtedza ndi kokonati amafika pa tebulo la phwando mosakayikira, ndipo pamenepo nawonso atiposa. A ku Tanzania, ndi pilau yawo, nyama choma ndi tchipisi zokazingira mazira, sangatiphunzitse kanthu pa mafuta.

Amene timawalakwira kwenikweni ndi odwala shuga ndi BP, omwe masiku ano sasowa m'banja lililonse la m'tauni. Amalume amene adokotala adawaletsa mchere, mafuta ndi zotsekemera akafika pa phwando lathu amapeza kuti palibe mbale ngakhale imodzi imene angadye mtima uli m'malo. Akakana, eni khomo amadandaula kuti chakudya chawo chanyozedwa, ndipo akadya kuti asakhumudwitse anthu, mapiritsi amagwira ntchito yopanda pake kwa masabata awiri. Timawathira Fanta m'tambula tikuwanyengerera kuti ndi lero lokha, mawa lake akapita kwa wachibale wina amauzidwanso chimodzimodzi, ndipo bonongwe amene akadawapulumutsa ali kuseri kwa nyumba, tikumuzula ngati udzu.