Sitetimenti ya kubanki si khadi la ukwati

Ana inu, tamverani kuno. Banki ikamatseka sitetimenti yanu ndi pasiwedi isanaitumize pa imelo, sikuti ikufuna kukuzunzani ayi. M'menemo muli dzina lanu, nambala ya akaunti, tsiku lomwe malipiro amalowa, ngongole yomwe mukudulidwa ndi aliyense amene munamutumizira ndalama. Koma momwe mukuigwirira, ndithu zikuchititsa manyazi.

Munthu akufuna viza kapena ngongole, uyo wathamangira kopangitsa fotokope. Walowa mu imelo yake pa kompyuta ya eni ake, kenako n'kumatchula pasiwedi mokuwa kwa mnyamata wosindikiza, anthu ali ndandanda kumbuyo kwake. Walipira, watuluka. Fayilo yatsala mu Downloads, imelo ili chitsegukire. Ena ndiye amangoiponya pa WhatsApp ya mnyamatayo, pasiwedi pansi pake. Mumamudziwa kwawo mnyamata ameneyo?

Chomwe simuganizira ndi ichi. Mabanki ambiri amapanga pasiwedi imeneyi kuchokera pa tsiku lanu lobadwa kapena manambala a akaunti, ndipo uthenga wobwera ndi sitetimentiyo umafotokoza kalembedwe kake, kungoti kuwerenga mumakuona ngati chilango. Mukaitchula pagulu mwaulula zomwe wakuba amafuna kuti aziyankhula ngati ndinu, komanso kawirikawiri ya mwezi wamawa idzatseguka ndi yomweyo.

Ndiye pali anzathu odziyesa akatswiri, amene amakweza fayiloyo pa mawebusayiti ochotsa pasiwedi. Mwini webusayitiyo simukumudziwa, dziko lomwe ali simukulidziwa, koma mwamupatsa mbiri yonse ya ndalama zanu. Chonsecho pa kompyuta yanu mukanangoitsegula ndi pasiwedi yake, kudina Print, n'kusankha Save as PDF, n'kukhala ndi fayilo yopanda pasiwedi.

Samalaninso ndi imelo yoti dinani apa, lembani PIN ya khadi la ATM kapena nambala yomwe yangobwera pafoni kuti muone sitetimenti. Yeniyeni siifunsa zimenezo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo, inde, koma pomwe apolisi azidzayamba kufufuza ndalama zidzakhala zitadyedwa kale. Mukakayika, imbani nambala yomwe ili kuseri kwa khadi lanu, osati yolembedwa mu imeloyo.

Ngati kusindikiza kuli kofunikadi, lembani nokha pasiwediyo ndi zala zanu, fufutani fayilo mpaka mu Recycle Bin, tulukani mu imelo, ndipo mapepala osindikizidwa molakwika mutenge mukawotche kunyumba.