Thilela ikagwa pa Van Reenen, adzamanga ndani?

Abale anga a pamsewu, inu oyendetsa malole a ku City Deep ku Joni ndi inu amene mukuwerenga izi muli pamzere ku Bayhead, msewu wa ku doko la Durban, ndiloleni nditulutse zakukhosi. Lachiwiri m'mamawa ndakalipidwa ngati mwana pamaso pa yadi yonse chifukwa chogwada pansi ndi tochi n'kuyang'ana fifth wheel, mbale yachitsulo pomwe thilela imakoleka. Sindinabe dizilo, sindinabwere nditaledzera, sindinagunde geti. Ndinangofuna kuona ngati thilela yakoleka bwino, basi.

Mukudziwa mmene superlink, lole ya mathilela awiri, ilili. Fifth wheel ina ili pa hosi, mutu wa lole, ina ili kumbuyo kwa thilela ya mamita 6, pomwe pamakoleka ya mamita 12. Ya pa hosi ndinalumikiza ndekha. Yakumbuyo anali atalumikiza usiku mnyamata wokankha mathilela m'yadi, katundu wapakidwa kale, mapepala asainidwa, kontrola akungoloza wotchi yake. Ndinalowa pansi. Tochi itawala ndinaona mpata pakati pa mbale ya fifth wheel ndi mimba ya thilela, mpata woti chala n'kulowa. Handulo inali isanabwerere mpaka kumapeto, kakilipi kachitetezo kakungolendewera pa tcheni chake. Kingpin, chikhomo cha pansi pa thilela, inali itakhala pamwamba pa nsagwada za fifth wheel m'malo molowa m'kati. Amene anakokapo thilela akudziwa kuti chinthu chotere chimakunyenga. Chimatuluka nawe pageti bwinobwino, chimayenda nawe pamsewu wosalala, kenako pa bampu kapena pakona chimakusiya ndi katundu wake yense.

Sindinakuwe. Ndinamukokera mnyamatayo pambali pomwe panalibe wina womva, ndinati tiye ukaone wekha tikonze msanga. Iye anati anamva kuti "kha!", ndiye kuti yatseka. Anakana ngakhale kuwerama. Ndipo aka sikoyamba. Ndinamupezapo atasiya miyendo ya thilela isanakwezedwe yonse, ndinamupezapo atasiya chingwe cha magetsi chikukhwekhwerezeka, ndipo nthawi zonsezo ndinkamuuza patokha, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma ulendo uno ndinalemba pa pepala la macheki, pakuti pepalalo lili ndi mzere wake wa zimenezi ndipo dzina losainidwa pansi ndi langa.

Kontrola atawerenga anatuluka muofesi n'kuima pakati pa yadi. Anati iwe wa ku Malawi, wabwera kudzaphunzitsa anthu ntchito m'dziko lawo? Anati ukuchedwetsa lodi, ngati watopa nena, pageti pali anzako ambiri akudikira kiyi yomweyo. Anthu anaseka. Ndalama ya ulendo wadula, akuti ndinanyamuka mochedwa. Pofika masana dzina langa pa gulu la WhatsApp la kuntchito linali impimpi, kutanthauza kazitape wonenera anzake.

Tsono imvani chimene chikundiwawa kuposa zonse. Atamaliza kundilalatira, anatuma mnyamata yemweyo kuti atsitse miyendo, amasule, akolekenso. Anakonza. Ndiye kuti anaona kuti ndimanena zoona. Koma palibe amene anati pepani, palibe amene anabweza mawu, ndipo ndalama yanga sinabwerere.

Ntchito yomwe akuti inachedwetsa lodi imatha msanga kuposa nthawi yomwe kontrola amathera pa kapu ya tiyi. Umayang'ana kuti buleki ya thilela yamangidwa. Umabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, n'kutsika kukaona ngati msinkhu wa hosi ndi wa thilela zikugwirizana, chifukwa thilela ikakwera kwambiri ndi pomwe kingpin imadumpha nsagwada. Fifth wheel ikalira kuti "kha!", umaika giya yoyamba n'kukoka pang'ono, kawiri, thilela ili chimangire, kuti umve ngati yagwiradi. Koma kukokako sikokwanira pakokha, maso ayenera kuona kuti chitsulo chatseka kumbuyo kwa kingpin ndipo palibe mpata. Ndiye kilipi, ndiye masuzi, mapaipi a mpweya ndi zingwe zopita ku thilela, ndiye miyendo m'mwamba ndi handulo yake pamalo pake, ndiye magetsi. Ngakhale mnyamata woyendetsa ngolo kwathu ku Ntcheu amayamba waona goli ndi chikhomo asanakwapule ng'ombe, ndipo iyeyo wanyamula matumba a chimanga ochepa chabe. Ife lamulo limatilola kufika matani 56. Matani 56 otsetsereka pa phiri la Van Reenen pa msewu wa N3 wopita ku Durban kukuchita chifunga, kumbuyo kwako kuli minibasi yodzaza ndi anthu opita ku Ladysmith.

Ndipo tisaiwale za paipi yofiira, ya mpweya womasula mabuleki a thilela. Anthu afa chifukwa cha paipi imeneyi. Munthu watsika m'kabi mofulumira osamanga handibuleki ya hosi, buleki ya thilela nayo sinamangidwe, wakwera kumbuyo, walumikiza yofiira, mpweya walowa, mabuleki a thilela amasuka, galimoto yonse yayamba kuyenda iye ali pakati. Ena amadumpha kuti athamangire chitseko, ndiye tayala limawapeza pomwepo. Chimachititsa n'chiyani? Changu chomwechi chimene amatikakamiza nacho m'mawa uliwonse. Fulumira, fulumira, doko likutseka, kasitomala akuimba foni.

Nanga changucho chimatipindulira chiyani? Umathamanga usiku wonse pa N3, kudutsa Harrismith, Mooi River, kutsika Town Hill mtima uli m'mwamba, n'kukafika ku Durban kukaima pamzere wa Bayhead Road mpaka dzuwa kulowa, popanda chimbudzi, popanda madzi osamba. Maola oima pamzerewo palibe amene amakulipira. Amalipira ulendo, ndiye ukagona kuti upume wataya ndalama, ukapanda kugona tracker yolondola galimoto ikulemba kuti wayendetsa mopitirira, ndipo onse awiri ndi milandu yako. Pa sikelo ku Heidelberg katundu akapezeka atalemera pa ekiselo imodzi, amene anapaka ali kunyumba kwake akugona, woima pamenepo ndi iwe. Wapolisi akaona pasipoti ya Malawi amayamba kufunsa za kodilinki asanayang'ane n'komwe matayala. M'nyengo yozizira ku Harrismith umagona m'kabi zala zitauma, ukayatsa injini kuti ufunde mawa lake akukufunsa za dizilo.

Koma zonsezi ndimapirira. Chimene sindingameze ndi kuseka kuja. Munthu wamkulu ngati ine, bondo lili ndi girizi, tochi ili m'manja, anyamata oti ndingawabereke akundiseka chifukwa ndaona thilela yomwe ikanapha anthu.

Ndipo pakati pa osekawo panali Amalawi anzanga. Inde, inu achimwene, mukudzidziwa. Munaweramitsa mutu n'kumamwetulira pamodzi nawo, kenako madzulo mukundiimbira foni kuti achimwene mukanangokonza mwakachetechete osalemba, kuno n'kwa eni. Ndikonze mwakachetechete mpaka liti? Tsiku limene ndidzakhale ndili ku Durban, thilela ya mnyamatayo adzaikoke ndani? Adzaikoka inuyo, amene ndimakuonani m'mawa mukungokankha matayala ndi phazi n'kuchonga mabokosi onse a pepala muli m'kabi. Nthawi yojambulitsa chithunzi mutatsamira Scania ya abwana kuti a kumudzi aone pa Facebook mumaipeza, koma yowerama pansi pa thilela mulibe. Zimandipweteka chifukwa ambiri a inu munaphunzira ntchitoyi movutikira ngati ine, kuyambira kutsuka magalimoto ku Kanengo ndi ku Limbe, kugona pansi pa thilela pa Mwanza ndi pa Nyamapanda, mpaka kudzapeza Code 14, laisensi ya malole aakulu. Munaphunzitsidwa bwino. Mantha ndi amene akukuiwalitsani.

Mantha ndikuwamvetsa, musandiyese wopanda maso. Tonse tikukumbukira malole amene anatenthedwa pa Mooi River mu April 2018, pomwe dandaulo linali loti makampani akulemba ntchito alendo. Tikukumbukira amene anayaka pa Van Reenen mu July 2023. Tikudziwa kuti dzina la impimpi m'dziko lino si lamasewera. Mlendo akaloza cholakwa cha mwini dziko, nkhani imasiya kukhala ya chitsulo, imasanduka ya pasipoti. Koma tiyeni tikumbukirenso za pa Fields Hill ku Pinetown mu September 2013, lole itatsetsereka n'kukaomba maminibasi pamphambano, anthu 24 n'kufa. Apo nkhani inali ya mabuleki, osati kingpin, koma woyendetsa anali mnyamata wochokera ku Swaziland, ndipo amene tinamuona akulira m'khoti n'kukalowa m'ndende ndi iyeyo. Thilela yanga ikanagwa, pepala likanaonetsa siginecha yanga pansi pa mawu oti zonse zili bwino. Mnyamata wa m'yadi sakanatchulidwa. Kontrola akanauza apolisi kuti dalaivala ndiye ali ndi udindo woona galimoto yake asananyamuke, ndipo akanakhala akunena zoona. Nyuzi zikanalemba kuti dalaivala wakunja wapha anthu, ndipo mawa lake ena a inu mukanatenthedwera magalimoto chifukwa cha dzina langa.

Ndiye mundiuze, ndikanatani? Ena akuti ndikanapita kwa abwana aakulu poyamba pomwe. Ayi, sindine munthu wothamangira kuofesi mnzanga akaphonya kamodzi. Tonse timatopa, tonse tili ndi ana ofuna kudya, ndipo mnyamatayo amakankha mathilela usiku wonse yekhayekha m'yadi yomwe magetsi ake theka ndi akufa. Sindikukhulupirira kuti pali amene anamutengapo n'kumuonetsa mmene nsagwada zimaonekera zikatseka ndi mmene zimaonekera zikapanda kutseka. Anangomupatsa kiyi. Mnzako akalakwitsa umayamba wamuuza iye mwini, n'kumuonetsa ndi chala, osati kumunena kumbali. Akamva, nkhani yathera pomwepo. Koma akakana ngakhale kuyang'ana, ndipo chinthucho n'chakupha, ulemu wanga kwa iye sungapose moyo wa anthu a m'minibasi. Sindinafune kuti amuchotse ntchito ndipo sindikufuna mpaka pano. Ndimafuna awerame, aone, kuti mawa asadzasenze imfa ya munthu pamtima pake.

Kumudzi nako akuona ngati kujoni ndalama timatola pansi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mafoni anachuluka: feteleza, fizi, malume adwala, msuweni akufuna thiransipoti yobwerera kuno. Ukachedwa kutumiza pa Mukuru akuti wayamba kunyada. Sadziwa kuti ndalama imodzi ya ulendo ikadulidwa, ndiye lendi ya kachipinda ka ku Rosettenville yapunguka. Sadziwa kuti inadulidwa chifukwa chogwira ntchito moyenera. Akonza thilela ndikuona, ndalama yanga osabweza. Ndikaganiza zimenezi tulo timatha.

Ndasonkha nawo ndalama zamaliro kambirimbiri pa magulu athu. Mukudziwa mmene uthenga umabwerera: m'bale wathu wa ku Mangochi, wa ku Mzimba, wa ku Thyolo watisiya, tithandizane thupi lipite. Bokosi limakwera m'kathilela kumbuyo kwa galimoto, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue, mpaka Mwanza, ulendo womwe munthuyo ankalota kudzauyenda atanyamula malata ndi njinga ya mwana. Ndinaperekezapo mmodzi. Mayi ake sanafunse kuti kampani inali yanji kapena lodi inafika nthawi yake. Anangofunsa ngati mwana wawo anavutika pomwalira.

Ine sindinabwere kuno kudzafera katundu wa munthu wina, ndiponso sindinabwere kudzapha ana a anthu a kuno. Ndinabwera kuti mwana wanga wamkazi amalize Fomu 4 popanda kubwezedwa pageti chifukwa cha fizi, ndi kuti mayi anga agone m'nyumba yosadontha. Mwanayo amauza anzake kusukulu kuti bambo ake amayendetsa galimoto yaikulu ku South Africa, ndipo amanena monyadira. Ndikufuna ndikadzafika ndidzamuyang'ane m'maso ndilibe mzimu wa munthu pamsana panga, ndidzatsike basi ku Ntcheu ndi miyendo yanga iwiri.

Usiku wa Lachiwiri ndinaimbira mayi a ana. Sindinawafotokozere zonse, koma anamva m'mawu anga. Anati bambo, ngati kwavuta bwerani, tidzadya zomwe zilipo. Mawu amenewa akhala akundiuza kuyambira kale, ine n'kumati dikirani chaka chino chokha. Ulendo uno ndawauza kuti afunse mtengo wa malata otsala pa boma, ndipo mlamu wanga wa ku Limbe ayambe kusakasaka chigayo chogwiritsidwapo kale ntchito chomwe injini yake ili bwino. PrDP yanga, chilolezo choyendetsera galimoto zantchito, ikatha sindikaikonzanso. Miyezi yatsalayi ndiyendetsa, ndisunga, ndipo nditumiza zida zanga pang'onopang'ono ndi anyamata a mabasi.